Diso Loona Koma Losazindikira

Masiku ano m'maiko akutali mwaoneka magalasi a mtundu wacilendo. Maonekedwe ace ali ngati magalasi amene nkhalamba zibvala powerenga Buku Lopatulika, koma pa ngondya yace pali kamera kakang'ono ngati njere ya nyemba. Wobvala akakhudza kabatani, kapena akangolamulira ndi mau, magalasiwo ayamba kujambula kanema wa zimene ziri patsogolo pace, pamodzi ndi mau a anthu okhala pafupi. Manja ace ali pa nchito zina, ndipo wolankhula naye kawirikawiri sadziwa kuti alikujambulidwa. Cipangizo cimeneci sicinafike m'midzi yambiri. Komatu foni nayonso inayamba motero, ndipo lero iri m'thumba la mlimi ndi la mbusa yemwe. Cifukwa cace nkoyenera kuti Mkristu alingirire msanga funso ili: kodi cimene galasi laona cikwanira kuweruza naco munthu?

Poyamba ayenera kudziwa kuperewera kwa magalasiwo. Kampani ya Google inaturutsa ace m'caka ca 2013, pa mtengo wa madola 1,500, ndipo ankajambula masekondi 10 okha, pokhapokha wobvala atawauza kuti apitirire. Anthu ambiri anawada, nyumba zina za kanema ndi zodyeramo zinawaletsa, ndipo mu 2015 analeka kuwagulitsa kwa anthu wamba. Mu 2021 kampani ya Facebook, imene dzina lace tsopano ndi Meta, inagwirizana ndi opanga magalasi a Ray-Ban, naturutsa ena ojambula masekondi 30. Amene anatsatira mu 2023 ankajambula mphindi imodzi, ndipo mu 2024 nthawiyo inaonjezedwa kufikira mphindi zitatu. Batire la magalasi amenewo, monga ananena eni ace, linali la maora anai, ndipo kujambula kumalitha msanga koposa.

Kuperewera kwina ndi uku: kamera iyang'ana kumene mutu waloza basi. Diso la munthu liyendayenda, liona ndi cam'mbali comwe. Koma galasi siliona ca kumbuyo, silidziwa cimene cinacitika lisanayambe kujambula, kapena cimene cinatsata litaleka. Mumdima liona mwacimbuuzi. Ndipo wobvalayo ndiye asankha poyambira ndi polekezera. Potero kanema wotere afanana ndi munthu wosuzumira pa kaboo ka citseko: cimene waona ncoonadi, koma nyumba yonse sanaione.

Anthu a ku Kabwe, mudzi umene kale unali Broken Hill, ali naco citsanzo pafupi. Kumeneko kuli Mukobeko, ndende ya milandu yaikuru ya dziko la Zambia, kumene ankasunga anthu oweruzidwa kuti aphedwe. M'mwezi wa April 2017, pa nthawi ya mwambo wa Kuomboka wa Alozi, magalimoto a Pulezidenti wa masiku amenewo, a Edgar Lungu, ndi magalimoto a mtsogoleri wa cipani cotsutsa, a Hakainde Hichilema, anapezana pa mseu wa ku Mongu. Zimenezi zinajambulidwa, si ndi magalasi ai, koma ndi makamera ena, ndipo kanemayo anafalikira dziko lonse. Onse anaona cithunzi cimodzi, koma sanabvomerezane. Ena ankati otsutsawo anakana kupatukira mtsogoleri wa dziko, naika moyo wace pangozi. Ena ankati anali magalimoto opikisana cabe, mlandu wa pa mseu basi. Pa 11 April a Hichilema anagwidwa, naimbidwa mlandu woukira boma, umene cilango cace pa nthawiyo cikanatha kukhala imfa. Pambuyo pace anawatumiza ku Mukobeko, ndipo anamasulidwa pa 16 August, atatha masiku 127 m'ndende, boma litacotsa mlanduwo bwalo lisanaugamule. Mu 2021 anthu anawasankha kukhala Pulezidenti.

Pano si pogamula wolakwa pa akuru awiriwo. Phunziro lace ndi lakuti kanema anasonyeza magalimoto ndi mseu, koma cimene cinali m'mitima ya okweramo sanacisonyeze. Pomwe mlandu woukira boma ugona pa colinga ca mtima. Ngati zinatero ndi anthu omveka, okhala ndi maloya ndi abwenzi m'maiko ena, nanga zidzatani ndi mkazi wamasiye wa kumudzi, amene wajambulidwa mphindi imodzi alikuturuka m'munda wa mnzace ndi cimanga m'manja? Galasi silidzanena kuti mwini munda anamuuza dzulo kuti akathyoleko.

Cilamulo ca Mose cinaletsa kutsutsa munthu pa umboni wa mboni imodzi. Cinafuna ziwiri kapena zitatu, ndipo cinalamulira oweruza kuti afunsitse. Mboni yamoyo itha kufunsidwa kumene inaima, cimene inamva, ndiponso ngati inali ndi mangawa ndi woimbidwa mlanduyo. Galasi silifunsika. Anthu cikwi akaonera kanema mmodzi, sizikhala mboni cikwi ai. Mboni ikhala imodzi yomweyo, yosalankhula. Ngakhale mneneri Samueli, pofika kwa Jese kudzadzoza mfumu, anakopeka ndi msinkhu wa Eliabu, kufikira Mulungu anamkumbutsa kuti kupenya kwa Iye kufika mumtima. Makolo nawonso anadziwa zomwezo pamene anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo kuli zipatso zina zoipa khungu zimene m'kati mwace muli bwino. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Funso laciwiri likhudza wojambulayo. Opanga magalasi anaikapo kanyali koyera kamene kayaka pojambula, kuti anthu acenjezedwe. Mu 2021 akuru oyang'anira zinsinsi za anthu m'maiko a Ireland ndi Italy anadandaula kuti kanyaliko nkakang'ono kwambiri. Magalasi a 2023 anawapanga kuti akane kuyamba kujambula munthu akaphimba kanyaliko. Koma pa dzuwa lowala sikaoneka bwino, ndipo anthu ocenjera apeza njira zokazimitsira. Mu 2024 ophunzira awiri a ku Harvard, m'dziko la America, anasonyeza kuti magalasi otere, akalumikizidwa ndi makina ozindikira nkhope pa intaneti, atha kuulula dzina la mlendo wodutsa pa njira ndi kumene akhala. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu mu 2021. Koma lamulo silikhala pa citsime pamene akazi asamba ana, kapena m'nyumba ya maliro, kapena m'cipatala pamene wodwala agona wopanda mphamvu yodzipfunda. Kumeneko mlonda ndiye cikumbumtima.

Buku la Genesis lifotokoza za Nowa, amene analedzera nagona wamarisece m'hema wace. Hamu anaona, nakauza abale ace kunja. Cimene ananena cinali coona, sanapeke bodza. Koma Semu ndi Yafeti anatenga copfunda, nayenda cam'mbuyo, napfunda atate wao osapenya. Ndipo iwo ndiwo analandira dalitso. Nkhani imeneyi iphunzitsa kuti coona ciri conse siciri ca kuonetsa. Hamu anauza anthu awiri okha. Wobvala magalasi atha kuuza dziko lonse dzuwa lisanalowe, ndipo cimene calowa pa intaneti sicibwezeka. Akadzalapa mawa, pepani sapoletsa cironda.

Tsono kodi magalasiwo ngoipa? Iai. Akhungu ena athandizidwa nao, pakuti magalasi awawerengera kalata ndi kuwauza cimene ciri patsogolo pao. Kanema wapulumutsa anthu ena onamiziridwa, waululanso nkhanza za amphamvu zimene zikanabisika. Mkristu woona mwana alikuzunzidwa, kapena wosauka alikulandidwa cace, sacimwa akasunga umboni ndi kuupereka kwa oyenera kuweruza. Kusiyana kuli apa: wina ajambula kuti acinjirize wofooka, napereka kanemayo kubwalo kumene woimbidwa mlandu adzayankha, wina ajambula kuti aseketse anthu ndi manyazi a mnzace. Mpeni umodzi womwewo usenda mbatata, ulasanso munthu.

Kuperewera kwakukuru koposa konse ndi kwakuti galasi silidziwa kukhululuka. Lisunga munthu monga analiri pa mphindi yace yoipa, ndipo pakapita zaka makumi awiri limuonetsabe alikutukwana, alikudzandira, ngakhale iye analeka kalekale nakhala mkuru wa mpingo. Ndende ya Mukobeko icitira umboni kuti munthu sathera pa mphindi imodzi ya moyo wace. Anthu omariza kunyongedwa m'Zambia ananyongedwa mu 1997. Mu July 2015 a Lungu anapita ku Mukobeko, nasintha cilango ca imfa ca akaidi 332 kuti cikhale ndende ya moyo wonse. Pa 23 December 2022 a Hichilema, amene anagonapo m'ndende yomweyo, anasaina lamulo locotsa cilango ca imfa m'malamulo a milandu a dzikolo. Atsogoleri awiri otsutsana anafanana pa cinthu cimodzi ici, cakuti wolakwa apatsidwe masiku a kulapa. Ngati maboma a pansi pano atha kutero, koposa kotani Mpingo umene ulalikira Uthenga wa cikhululukiro?

Liripo Diso limene batire lace silitha, limene liona mumdima monga usana, limene lidziwa ciyambi ndi cimariziro ca nkhani iri yonse, ndi maganizo obisika omwe. Ndilo lokha loyenera kuweruza kotheratu. Ndipo Mwini Disolo, woona zonse, ndiye anatuma Mwana wace kudzapfunda manyazi a anthu. Munthu woona pang'ono afulumira kutsutsa. Mulungu woona zonse aleza mtima.

Cifukwa cace Mkristu, magalasi amenewa akadzafika m'mudzi mwace, asunge zinthu zitatu. Asajambule munthu mobisa, koma apemphe monga apempha odi pa khomo la mnzace. Asatumize kwa ena cithunzi ca manyazi a mbale wace, pokumbukira kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ndipo akaonetsedwa kanema wotsutsa munthu, asagamule kufikira atamva mwini wace, nafunsa cimene cinacitika galasi lisanayambe kupenya. Akuru a mpingo ndi mafumu okhala pa bwalo asunge cacitatuci koposa onse, pakuti mbiri ya munthu, mwinanso moyo wace, iri m'manja mwao.