Kodi katswiri akalemba zoona, wamaliza ntchito?

Mkungudza, womwe udasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, umamera mwachilengedwe m'phiri la Mulanje mokha. Akatswiri a zachilengedwe akhala akukwera phirilo, kuwerenga mitengo, kulemba malipoti ndi kuphunzitsa ku yunivesite, uku mikungudzayo ikutha.

Ena amati ntchito ya katswiri ndi kufufuza basi, kuletsa odula n'kwa boma. Ine ndikukana. Wocheka matabwa amakwera phiri chifukwa cha njala, ndipo lipoti la m'Chingerezi silimufika. Amene akudziwa kuti mkungudza umatenga zaka makumimakumi kuti ukhwime, ayenera kukakhala pansi ndi anthu a m'tsinde mwa phirilo, amve za njalayo, nawonso amve zimene wapeza. Akatero abwerenso kuno kutauni adzatiuze ife, pakuti matabwawo ogula ndife.