Kodi Chikondi Chanu Chimafika Kutsidya?

MU August 1914, sitima ya Abritishi yotchedwa Guendolen inafika pa Sphinxhaven, pamene lerolino pamatchedwa Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay m'Tanzania. Inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda kuti ikonzedwe. Oyendetsa sitima ziŵirizo, Rhoades ndi Berndt, anali mabwenzi. Berndt, posadziŵa kuti nkhondo inali itaulika ku Ulaya, anapalasa bwato mwaukali kukafunsa chimene chinachitika, ndipo bwenzi lakelo linamgwira ukaidi. Lamulo lochokera kutali linapambana ubwenzi wawo. Kodi chikondi cha Mkristu chiyenera kukhala ndi malire oterowo?

Nyanja Imodzi, Anthu Osiyanasiyana

Nyanja imeneyi imatchedwa Nyasa m'Tanzania, Malaŵi kwa okhala ku Nkhata Bay, ndi Niassa m'Mozambique. M'chigawo cha Nyasa, Anyasa ndi Amanda a m'mphepete mwa nyanja amakumana ndi Amatengo otsika m'mapiri. Ndiponso, nkhondo yomenyera ufulu itayamba m'Mozambique mu 1964, ena a othaŵa kwawo anapatsidwa malo pa Lundo, pafupi ndi Mbamba Bay. Chotero anthu a kumeneko akhala akuyang'anizana ndi funso limene tonsefe timakumana nalo: Kodi munthu wachinenero china, wafuko lina, ndi mnansi wanga?

Kukonda achibale ndi mabwenzi nkwachibadwa. Komabe, Yesu anasonyeza kuti kukonda otikonda okha sikumatisiyanitsa ndi munthu wina aliyense. (Mateyu 5:46, 47) Iye mwiniyo anawoloka Nyanja ya Galileya kumka kudziko la Agerasa, kumene anthu anali kuŵeta nkhumba, nyama zodetsedwa kwa Ayuda. Kumeneko anachiritsa munthu wogwidwa ndi ziŵanda amene anali kukhala kumanda. (Marko 5:1-20) Kwa Yesu, okhala kutsidya anali anthu ofunikira chifundo mofanana ndi a kwawo.

Chifukwa Chake Kuyesayesa Nkofunika

Wina angatsutse kuti: ‘Koma kukhulupirira alendo nkwangozi.’ Zoonadi, Baibulo limatilangiza kukhala ochenjera. (Miyambo 14:15) Koma kuchenjera kumapenda zochita za munthu, pamene tsankhu limamweruza asanalankhule nkomwe.

Tsankhu silimatha msanga. Mtumwi Petro anali ataloŵa m'nyumba ya Korneliyo, kazembe wachiroma, navomereza kuti Mulungu alibe tsankhu. (Machitidwe 10:28, 34, 35) Komabe, pambuyo pake ku Antiokeya, iye analeka kudya ndi Akristu osakhala Ayuda powopa amuna ena ochokera ku Yerusalemu, kwakuti Paulo anamdzudzula poyera. (Agalatiya 2:11-14) Ngati mtumwi anagwa m'msampha umenewu, kodi ife tinganene kuti sitingagwemo? Ndithudi, chikondi chili ngati bwato la mtengo: likangosiyidwa padzuŵa osaloŵa m'madzi, limang'aluka.

Mmene Tingafutukulire Mitima Yathu

Paulo anauza Akorinto kuti vuto lawo linali kuchepa kwa malo m'mitima mwawo, ndipo anawalimbikitsa kuikulitsa. (2 Akorinto 6:11-13) Kodi tingachite motani zimenezo?

Choyamba, dzipendeni moona mtima. Kodi ndani amene anadyapo nsima panyumba panu m'miyezi yapitayi? Kodi onse ndi a fuko lanu kapena olemera mofanana nanu? Chachiŵiri, yambani ndinu kuchitapo kanthu. Msodzi wa usipa wochokera kudoko lakutali, kapena mayi wotsika m'mapiri atasenza chimanga, angakhale wosungulumwa. Kuphunzira moni wa m'chinenero chake, kaya Chiswahili kapena Chimatengo, kungatsegule mtima wake. Chachitatu, mvetserani. Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kaŵirikaŵiri amene tinkafuna kumthandiza ndiye amatiphunzitsa.

Chikondi choterocho chili ndi mtengo wake. Anansi angatinyoze, ndipo ena amene tawachitira zabwino sangayamikire. Komatu Yesu anati ophunzira ake akadziŵika ndi chikondi, ndipo mtumwi Yohane anachenjeza kuti wosakonda mbale wake amene amamuona sangathe kukonda Mulungu amene sanamuone. (Yohane 13:35, 1 Yohane 4:20) Chotero tiyeni tikulitse chikondi chimenechi tsopano, zinthu zikali bwino, kotero kuti chidzakhalebe cholimba pamene mikangano ya anthu iyesa kutilekanitsa ndi okhala kutsidya.