Malo a Buku m'Gowelo

Abale, pali funso loyenera kutisautsa ife a kuno ku Chiosya: kodi cinthu ca mtengo wapatali cisungika bwino pocibisa, kapena pocipereka m'manja mwa iye amene cinamgulidwira? Ndinena za mabuku a ana athu.

Taonani nkhokwe. Palibe munthu wanzeru wothira cimanga pansi. Aimika miyala, nayala mitengo pamwamba pace, kuti cinyezi ndi ciswe zisafikeko. Ngakhale mbale zili nalo thandala lao. Koma buku limene atate anagula ndi ndalama za mtedza ligona pansi m'gowelo, kapena litsekeredwa m'bokosi, mfungulo ili m'thumba la atatewo. Kuyambira 1994, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ana ocuruka aphunzira kuwerenga. Koma nyumba zopatsa buku malo ace zikali zowerengeka.

Wina adzati, Mwana ang'amba, adetsa ndi manja a ndiwo. Nzoonadi, ndipo ndalama siitoledwa m'njira. Koma bokosi losatsegulidwa miyezi yonse ya dzinja ndiwo mudzi wa mphemvu ndi nkhungu. Ndipo ngakhale buku liturukamo loyera, mwana watsala wosalidziwa. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, sanalembe Nthondo, lija linasindikizidwa m'1933, kuti likhale mumdima. Ine ndiyesa kuti wobisa buku wasunga pepala lokha, ndipo wammana mwana cimene anamgulira.

Cifukwa cace tipangire ana alumali, ndipo akhale wolimba, pakuti wosalimba aposa bokosi kuipa kwace: mwana akwerapo, alumali namgwera. Pano mpamene cikondi ciyesedwa ndi nchito. Matabwa aume bwino asanakhomedwe, popeza aawisi apindika ndi kulekana. Mlombwa ciswe siciukonda, koma wacepa masiku ano, ndipo sikuyenera kukauba m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji. Citseko cakale ca mlombwa cikwanira. Paini ndi wofewa ndi wocipa, koma ciswe cimfulumirira. Thabwa likatalika kupitirira mikono iwiri, ikani mcirikizo pakati, pakuti mabuku alemera koposa maonekedwe ao. Miyendo iime pa miyala monga ya nkhokwe. Kumbuyo kutsale mpata wolowa dzanja, kuti njira za ciswe pakhoma zioneke msanga. Ndipo pamwamba mumange ndi waya ku nsanamira, asagwe.

Catsala cimodzi cimene amisiri aiwala, popeza ayesa msinkhu ndi maso ao a akulu. Alumali wokhomedwa pafupi ndi denga asanduka bokosi lina lopanda mfungulo. Muitane mwanayo aime pakhoma, mulembe ndi khala pamene pafika phewa lace, ndipo thabwa lapamwamba likhale pomwepo.