Lachitatu: Fufuzani Musanatumize

Werengani Machitidwe 17:10, 11 ndi Eksodo 23:1. Kodi anthu a ku Bereya anachita chiyani atamva uthenga wa Paulo?

Ngakhale wolalikirayo anali mtumwi, iwo anayesa mau ake ndi Malemba. Nanga ife? M'chaka cha 2021 mauthenga a pa WhatsApp anafalitsa kuti katemera wa Covid-19 ndi chilembo cha chilombo, ndipo ambiri anaopa nakana katemerayo. Komatu Chivumbulutso 13 chikunena za kupembedza, osati za mankhwala. Wotumiza bodza, ngakhale mosadziwa, asanduka mboni yonama.

Musanatumize uthenga, dzifunseni: Waulemba ndani? Anaulemba liti? Umboni wake uli kuti?

Kodi ndi uthenga uti umene mwatumizira abale osaufufuza? Mudzakonza bwanji cholakwacho?