Kodi Ndingawonjezeko Pang'ono pa CV?

Mwaphunzitsa zaka 10, tsopano mufuna nchito ya mu ofesi. Pa LinkedIn afuna munthu amene anaigwirapo zaka 3, inu olo tsiku limodzi mulibe. Mtima uti, "Lembako cabe, adzadziwa ndani?" Ndidziwa, lendi siyembekeza, ana afunika kudya.

Koma onani Amosi 7:14. Pamaso pa wansembe Amaziya sanadzikometsere mbiri, anavomera kuti anali woweta ziweto. Nchito yolowa ndi bodza mudzaigwira mtima uli m'mwamba, kuopa tsiku limene abwana adzaimbira foni kumene munacokera. Nanga umboni mudzaupereka bwanji pa Sondo? Lembani zimene mudziwadi: kusunga marejista, kulemba malipoti, kuyang'anira kalasi ya ana 60. Limenelo ndi luso, musalinyoze.