Kodi nzeru ya moto ili ndi mwini?

Mu 1828, James Beaumont Neilson wa ku Glasgow anapeza kuti ukatenthetsa kaye mpweya usanauuzire m'ng'anjo yosungunulira chitsulo, malasha amalowa ochepa kwambiri. Anakalembetsa patenti, chikalata chomupatsa umwini wa nzeruyo, ndipo woigwiritsa ntchito ankayenera kumulipira shileni imodzi pa tani iliyonse ya chitsulo. Eni mafakitale ena anakana kulipira. Iye anawatengera kukhoti, n'kuwina.

Mtima wanga umathamangira kumbali ya okanawo. Kuno ku Mphunzi moto sitigulitsana. Ukazima, umangotuma mwana ndi phale kuti akapale kwa aneba. Ndiye munthu azilipiritsa anzake chifukwa cha mpweya wotentha, eti?

Koma tisanamize makolo athu kuti nzeru zonse ankagawana. Achewa akale ankamanga ng'anjo zadothi n'kutulutsa chitsulo m'miyala, ndipo zotsalira zake zikadalipo kunkhalango ya Kasungu. Luso limeneli linali lachinsinsi. Ng'anjo inkamangidwa kutali ndi mudzi, akazi sankayandikirako, amisiri ankasala akazi awo, ndipo mankhwala ake ankadziwa ndi ochepa. Umenewo unali umwini ndithu, kungoti wopanda pepala. Makasu a m'sitolo atachuluka, amisiri anasiya ntchitoyo, n'kupita nazo nzeru kumanda. Lero ukanena kuti ng'anjo, ife timangoganiza za njerwa basi.

Zojambula za m'miyala ya phiri la Mphunzi, mbali ya malo a Chongoni amene UNESCO inawazindikira mu 2006, zimandikumbutsa zomwezo. Zofiira zija anasiya Akafula timaziona ndi maso, koma tanthauzo lake akatswiri amangoyerekeza.

Apa m'pamene patenti imandigonjetsa. Kuti boma likupatse, uyenera kulemba poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito. Umadya wekha zaka zowerengeka, kenako nzeru ija imakhala ya aliyense. Ya Neilson inali ya zaka 14, inatha mu 1842. Wadyera uja anasiyira dziko zambiri kuposa mmisiri wathu amene sanalipiritse munthu pa nzeru yake, chifukwa sanamuuze n'komwe. Zimawawa kulemba chonchi, koma ndi mmene ndikuonera.

Chimene sichindikhazika mtima n'chakuti khomo la patenti silitsegukira aliyense. Taganizani za mayi woumba Chitetezo Mbaula amene wapeza kasakanizidwe ka dothi kosang'aluka powotcha. Kuti alembetse kwa Registrar General kapena ku ARIPO ku Harare, pafunika Chingerezi, loya ndi ndalama zoposa zimene mbaula zake zingamupatse. Akauza anzake a pagulu, sabata yamawa onse akuumba chimodzimodzi ndipo iye sapata kanthu. Akabisa, adya yekha, mwina n'kudzanong'oneza mwana wake wamkazi, ngati mwanayo sanapite kale ku Joni.

Ine nditakhala mayiyo, kaya. Ndikuganiza kuti ndingabise.