Moni wa Chinyanja Uli Kuthambo: Kodi Mkhristu Aope Zamoyo za Maiko Ena?

Pa mafunso amene achinyamata akubwera nawo ku kalasi ya Ulimbitso masiku ano, pali limodzi limene makolo ambiri amalizemba. Mwana amafunsa kuti: ngati kuthambo kutapezeka zamoyo zina, ndiye kuti Baibulo linanama? Funsoli likuchokera m'mafoni, m'mavidiyo a pa TikTok ndi pa WhatsApp. Kholo likangoyankha kuti asamafunse zopanda pake, mwanayo amatseka pakamwa, koma funso limatsala mumtima. Mawa amakalifunsa kwa ena amene amamuuza kuti sayansi ndi chikhulupiriro sizimwerana madzi, ndipo pang'ono ndi pang'ono amayamba kujomba ku Misa. N'chifukwa chake funsoli liyenera kuyankhidwa m'banja, kumphakati ndi m'tchalitchi momwe.

Zimene akatswiri apeza

Mu 1977 bungwe la NASA la ku America linatumiza kuthambo zombo ziwiri zopanda munthu, Voyager 1 ndi Voyager 2. Pa chombo chilichonse anamangirirapo chimbale chokutidwa ndi golide, ndipo m'chimbalemo anajambulamo moni m'zilankhulo 55 za dziko lapansi. Chimodzi mwa zilankhulozo ndi Chinyanja. Mawu a Chinyanjawo akufunsa anthu a maiko a kumwamba kuti ali bwanji. Lero Voyager 1 ili pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, kutali moti uthenga wake wa pa wailesi umatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti ufike pansi pano. Moni uja ukadali paulendo, ndipo palibe amene wauyankha.

Apa ndiye poyambira: kufikira lero, palibe umboni wotsimikizika wakuti kunja kwa dziko lapansi kuli chamoyo, ngakhale kachilombo kosaoneka ndi maso. Mavidiyo oonetsa tianthu ta mitu ikuluikulu ndi zopeka. Chimene chilipo ndi kafukufuku. Mu 1995 akatswiri awiri a ku Switzerland, Michel Mayor ndi Didier Queloz, anapeza pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi ina yofanana ndi dzuwa. Kuyambira pamenepo mapulaneti a nyenyezi zina amene atsimikizidwa apitirira 5,000. Mu Febuluwale 2021 galimoto yofufuzira yotchedwa Perseverance inatera pa Mars, m'chigwa cha Jezero, pamalo pamene kalekale panali nyanja ndi mtsinje wothiramo madzi. Mu Okutobala 2024 chombo cha Europa Clipper chinanyamuka kupita ku Europa, mwezi wina wa Jupiter, umene akatswiri akuganiza kuti uli ndi nyanja yaikulu pansi pa madzi oundana. Chikuyembekezeka kukafika mu 2030. Onsewa akutsatira mfundo imodzi imene mlimi ndi msodzi aliyense amaidziwa: pamene pali madzi, pamenepo moyo ungathe kupezeka.

Phunziro la ku Usisya

Munthu wa m'tauni safunika kukwera chombo kuti amvetse zimenezi. Akwere Ilala kapena atsike msewu wa mapiri wopita ku Usisya. Chakumeneko, kumpoto kwa Nkhata Bay, nyanja ya Malawi ndi yakuya kwambiri, pafupifupi mamita 700. Nsomba zimakhala m'madzi a pamwamba okha, chifukwa kupitirira mamita 200 mpaka 250 m'madzi mulibe mpweya wa okosijeni. Kumeneko ndi mdima wokhawokha. Komabe m'madzi ndi m'matope a pansi pomwepo muli mabakiteriya amene amakhala moyo popanda mpweyawo. Zamoyo za mtundu umenewu ndi zimene akatswiri akuyembekeza kuti mwina zingapezeke ku Mars kapena ku Europa.

Anthu a ku Chintheche ndi ku Kande amadziwanso nkhungu, tintchentche timene timatuluka panyanja ngati utsi wa moto wa tchire. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amatikola m'malichero n'kuumba timitanda ta ndiwo. Mphutsi za nkhungu zimatsikira masana kumadzi akuya osowa mpweya, kumene nsomba sizingazitsatire, ndipo usiku zimakwera kudzadya. Zimene anthu amaona ngati mtambo pamwamba pa madzi zinayambira kumalo kumene munthu angaganize kuti kulibe kanthu. M'nyanja yomweyi muli mitundu ya nsomba mazanamazana, monga mbuna, imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko. Zambiri mwa izo zinakhalamo zaka zikwizikwi popanda munthu wozipatsa dzina, koma Mulungu ankazidziwa. M'buku la Yobu, mutu 38, Mulungu akufunsa Yobu ngati anafikapo ku akasupe a pansi pa nyanja, ndiponso ngati angathe kumanga kapena kumasula magulu a nyenyezi. Yobu analibe yankho. Mlengi amene anabisa moyo pansi pa nyanja ya ku Usisya sapempha chilolezo kwa munthu kuti alenge kwina.

Zimene Mpingo ukunena

Mpingo wa Katolika sunaphunzitsepo kuti kuthambo kuli zamoyo, ndipo sunaphunzitsenso kuti kulibe. Funso limeneli ndi la kafukufuku, ndipo Mpingo umatengamo mbali. Mu 1891 Papa Leo XIII anakhazikitsanso malo ofufuzira nyenyezi a Vatican, pofuna kuonetsa kuti Mpingo sudana ndi sayansi yoona. Malowa ali ku Castel Gandolfo, ndipo ansembe ndi mabulazala a chipani cha Ajezuwiti amagwirako ntchito mpaka lero. Amene anayambitsa ganizo lakuti chilengedwe chonse chinayamba pa nthawi imodzi n'kumatambasuka, limene pano limatchedwa Big Bang, anali wansembe wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître. Mu Novembala 2009 bungwe la Apapa loona za sayansi linaitanitsa akatswiri ku Vatican kudzakambirana za moyo wa kunja kwa dziko lapansi.

Chimene Mpingo umagwiritsa ndi ichi: chilichonse chimene chilipo, chooneka ndi chosaoneka, Mlengi wake ndi mmodzi. Paulo Woyera, m'mutu woyamba wa kalata yake kwa Akolose, akuphunzitsa kuti zonse zinalengedwa mwa Khristu, ndipo mwa Iye yemweyo Mulungu anafuna kuyanjanitsa zonse, za pansi ndi za kumwamba. Choncho kachilombo kakadzapezeka ku Europa, kadzakhala kolengedwa ndi Mulungu monga usipa. Ulemu wa munthu suchokera poti ali yekha m'chilengedwe. Wolemba Salimo 8 anayang'ana mwezi ndi nyenyezi n'kudabwa kuti Mulungu amakumbukira bwanji kanthu kakang'ono ngati munthu. Mwana sachepa m'banja chifukwa kwabadwa mng'ono wake. Ulemu wa munthu wagona poti analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo Mwana wa Mulungu anadzakhala munthu.

Pa 12 Meyi 2014, polalika pa Misa ya m'mawa, Papa Francis anafunsa chimene akhristu angachite ngati alendo ochokera ku Mars atabwera kudzapempha ubatizo. Sankalosera za kuthambo. Ankafotokoza mutu 11 wa Ntchito za Atumwi, pamene Petulo anadzudzulidwa chifukwa cholowa m'nyumba ya Kornelio, munthu wa mtundu wina. Phunziro lake linali lakuti palibe amene ali ndi mphamvu yotsekera Mzimu Woyera chitseko. Apa funso likubwerera kwa mkhristu wa m'tauni. Iye amene akudera nkhawa za mlendo wa ku Mars, kodi wamulandira bwanji mlendo wa pa lendi pafupi ndi nyumba yake, wothawa kwawo wa ku Dzaleka, kapena mnzake wa chigawo china amene amapemphera naye mphakati umodzi?

Mantha ndi masiku owerengeredwa

Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay anaonapo zimene zimachitika munthu akayika tsiku pa zinthu za kumwamba. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira ku Bandawe, analalika kuti ufumu watsopano udzafika mu 1914 ndipo msonkho udzatha. Anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'derali. Anthuwo sanali opusa. Anali otopa ndi msonkho ndiponso ndi ulendo wa kumigodi, ndipo anali ndi ludzu la chilungamo. Mu 1910 kunaoneka nyenyezi ya mchira ya Halley, imene inaopsa anthu m'maiko ambiri. Chaka cha 1914 chinabweretsa nkhondo, koma dziko silinathe. Nyenyezi ija inabweranso mu 1986, ndipo idzaonekanso mu 2061, potsata njira imene Mlengi anaiikira. Ambuye Yesu ananeneratu, pa Mateyo 24, kuti tsiku lomaliza amalidziwa ndi Atate okha. Mlaliki aliyense wa pa foni amene akulumikiza zachilendo za kuthambo ndi tsiku la chimaliziro, kenaka n'kupempha ndalama, ayenera kuyesedwa ndi mawu amenewa.

Tsogolo la anthu

Anthu ena olemera, monga Elon Musk, amalankhula zomanga mzinda pa Mars kuti mtundu wa anthu udzapulumukireko. Kufufuza n'kwabwino, ndipo nzeru zopangira zombo ndi mphatso ya Mulungu. Koma ulendo wa ku Mars umatenga miyezi pafupifupi 7, kumazizira kuposa m'firiji, ndipo mpweya wake munthu sangaupume. Msodzi wa ku Kande, siginala amene amayatsa nyali usiku kuti usipa ulowe m'chilimira, sadzakwera nawo chombo chimenecho. Tsogolo lake lili m'nyanja imene chambo chikusowa, mmene ena akukokera timwana ta nsomba ndi maneti a udzudzu, ndiponso mmene dothi la m'mapiri odulidwa mitengo likuthera. Makala ndi nsomba zimenezo zimagulidwa m'tauni. Mu kalata ya Laudato Si' ya 2015, Papa Francis anakumbutsa anthu onse kuti dziko lapansi ndi nyumba imodzi ya onse. Akatswiri akuwononga ndalama zankhaninkhani kuti apeze kachilombo kamodzi m'nyanja youma ya ku Mars, pamene Amalawi anapatsidwa nyanja yodzaza ndi moyo. Buku la Chivumbulutso, mutu 21, silikulonjeza kuti anthu adzathawira kwina. Likulonjeza kuti Mulungu adzabwera kudzakhala ndi anthu ake n'kukonzanso zonse.

Sabata ino, kholo limene mwana wake wafunsa za nyenyezi lisamukalipire. Magetsi akazima, atuluke naye pabwalo, ayang'ane kumwamba, ndipo awerenge limodzi Salimo 8. Mayi kapena bambo wopita kumsika akane kugula timwana ta chambo. Mphakati uliwonse ufunefune mlendo amene sanalonjeredwe m'dera lake, ndipo umuyendere. Mulungu amene amaitana nyenyezi iliyonse ndi dzina lake apatse akhristu a parishi ino mtima wofunsa mopanda mantha ndi manja osamala zimene anawasungitsa. Amen.